Kukonza mpikisano wa zojambula zokongoletsa laibulale ya payunivesite kuno ku Joni

Mpikisano wa zojambula za m'laibulale umayambira pa khoma. Makomiti ambiri amathamangira kulengeza mphoto, ophunzira n'kutumiza ntchito zawo, oweruza n'kusankha, ndiye pa tsiku lopachika m'pamene amatulukira kuti pakatikati pa khomalo pali bokosi la paipi yozimitsira moto, kapena kuti chithunzi chopambanacho sichikukwana m'chikepe. Chojambula cha m'laibulale chimakhala zaka zingapo pamaso pa anthu amene sanadzere icho. Adzera kuwerenga, ena atopa, ena mayeso ali mawa. Chiyenera kupirira dzuwa, fumbi, zikwama zokhula m'khoma ndi madzi a okolopa. Malangizowa ndi a inu amene muli m'komiti yokonza mpikisano, kaya ndinu ogwira ntchito m'laibulale kapena a gulu la ophunzira akumudzi, komanso a inu amene mukufuna kupikisana nawo. Zitsanzo zambiri n'za ku Wits (University of the Witwatersrand) ndi ku University of Johannesburg (UJ).

Tepi, kope ndi foni

Musanalembe chilengezo chilichonse, pitani pa khomalo anthu awiri. Yezani m'litali, kenako msinkhu wake muuyeze katatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, chifukwa makoma akale sakhala olingana ndipo kusiyana kwa masentimita atatu kumadzaonekera poyera chithunzi chikamatidwa. Lembani pa pulani malo enieni a soketi, swichi, kamera, chozimitsira moto, chikwangwani cholozera khomo lothawira ngozi ndi potulukira mpweya wozizira. Yezaninso njira yomwe chithunzicho chidzadutse: zitseko, pokhotera masitepe ndi m'kati mwa chikepe.

Kenako kuwala. Lijambuleni khomalo ndi foni 9 koloko m'mawa, 1 koloko masana, 4 koloko madzulo, ndi usiku magetsi atayatsidwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limasulutsa utoto msanga. Mawindo oyang'ana kumpoto ndiwo amapusitsa anthu. M'Disembala dzuwa limadutsa pamutu, khoma n'kumaoneka ngati lamthunzi, koma m'Juni limatsika n'kulowa mpaka m'kati mwa chipinda. Nyumba zosungira zojambula zimasunga ntchito za papepala pa kuwala kwa 50 lux (muyeso wa kuwala), pomwe chipinda chowerengeramo chimafuna 300 mpaka 500. N'chifukwa chake chithunzi cha utoto wamadzi wopyapyala, cha mamaka kapena cha zidutswa za chitenje sichichedwa kusuluka m'laibulale. Ngati mukufunabe ntchito zoterozo, pachikani kope losindikiza, chenichenicho chisungidwe m'diroo.

Ligogodeni khomalo ndi nkhonya. Likamveka lolimba ndi la njerwa kapena konkire. Likalira ngati mulibe kanthu ndi la bolodi, ndipo silinyamula katundu wolemera pokhapokha sikuluwu italowa m'chitsulo cha kuseri kwake. Nyumba zambiri za pa kampasi ya UJ ya Auckland Park Kingsway, zomangidwa m'zaka za m'ma 1970 nthawi ya Rand Afrikaans University, n'za konkire yosapaka pulasitala. Penti akalowa m'timabowo ta konkire yoteroyo satulukamonso, choncho musalonjeze aliyense khoma lotero eni nyumba asanavomere.

Pali mayeso awiri osafuna ndalama. Loyamba n'la chinyontho: dulani pepala la pulasitiki la masentimita 50 mbali zonse, limateni pa khoma ndi tepi osasiya mpata, mulisiye usiku ndi usana. Mukapeza timadontho kuseri kwake kapena pulasitala wada, khomalo likumwa madzi ndipo penti aliyense adzatumphuka. Ufa woyera ngati mchere m'munsi mwa khoma ukunena zomwezo. Mayesowa amanena zoona m'nyengo ya mvula, pakati pa Okutobala ndi Malichi. (Afunseninso amayi ndi abambo okolopa, amadziwa pamene pamadontha kuposa ofesi iliyonse.) Lachiwiri n'la penti wakale: nyowetsani kansanza ndi sipiriti mupukute pakona. Utoto ukatsalira pa kansanzako, ndi penti wamadzi ndipo mukhoza kupenta pamwamba pake. Ukapanda kuchoka, ndi wamafuta, ndipo acrylic wopakidwa pamenepo amadzamatuka ngati simunayambe mwakwecha ndi sandipepala wa nambala 120 n'kupaka primer (penti woyambira) wogwira pa penti wosalala. M'nyumba zakalekale penti wa pansi angakhale ndi mtovu, choncho kukwechako kusiyireni a zokonza nyumba.

Zilolezo ndi nkhani ya moto

Mkulu wa laibulale yekha sangakupatseni khoma. Mufunanso siginecha ya ofesi yosamalira nyumba za yunivesite, ya woyang'anira chitetezo cha anthu, ndi ya amene amasunga zojambula za yunivesiteyo. Zonse zikhale zolembedwa, pakuti anthu amasintha maudindo ndipo wobwerayo sadzadziwa zomwe munagwirizana pakamwa.

Ngati nyumbayo yapitirira zaka 60, palinso lamulo la dziko lino la South Africa, National Heritage Resources Act la 1999. Gawo 34 limaletsa kusintha nyumba yoteroyo popanda chilolezo cha bungwe loona za malo akale m'chigawo, ndipo lamuloli limawerengera kupenta ndi kukongoletsa ngati kusintha. William Cullen Library ya ku Wits, yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ili m'gulu limeneli. Chilolezo chimatenga nthawi, ndiye m'nyumba zotere sankhani ntchito yochotseka.

Woyang'anira chitetezo akakukanizani zinthu zina, musamuone ngati wokhwimitsa zinthu pachabe. Laibulale yoyamba ya Wits inapsa mu Disembala 1931. Ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, ndipo Jagger Library ya ku University of Cape Town inapsa mu Epulo 2021. Malamulo a moto m'nyumba ali mu SANS 10400 gawo T. Kwa inu akutanthauza izi: pasakhale nsalu, mapepala, udzu kapena thovu lopakira katundu m'njira zothawira moto, chikwangwani chilichonse cha ngozi chisaphimbike, ndipo pansi pa timipopi towaza madzi ta kudenga pasiyidwe mpata wa theka la mita. Zolendewera kudenga zimakanidwa kawirikawiri pa chifukwa chomwechi.

Zinthu zochokera kumunda nazo zili ndi vuto lake. Mphasa, malichero, nthanga, nthenga ndi guluu wa ufa zimabwera ndi anankafumbwe, njenjete ndi mphemvu, ndipo zimenezi zikatha chojambulacho zimasamukira ku mabuku. Ngati mwazilola, chinthucho chikulungidwe m'pulasitiki wotseka bwino, chikhale m'firiji yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu, kenako chifunde tsiku limodzi chisanatsegulidwe.

Sankhani mtundu umodzi wa ntchito

Kupenta pa khoma penipeni kumatuluka bwino kwambiri koma sikusamuka. Tsiku lomwe laibulale idzafune mashelufu pamenepo, ntchito yatha. Kupenta pa matabwa opachika kumalola wojambula kugwirira ntchito ku situdiyo, kutali ndi mabuku, ndipo kwa ife iyi ndiyo njira yoyenera malaibulale ambiri. Kusindikiza pa vinyl (pulasitiki wopyapyala) womata kumatsegulira khomo ojambula pa kompyuta ndi ojambula ndi kamera, ndipo kumathekanso pa magalasi a tizipinda tokambiranamo. Sankhani imodzi. Mukasakaniza, oweruza adzafanizira ziboliboli ndi zithunzi za kamera, ndipo bajeti siidzadziwika mpaka mapeto.

Ndalama ndi kalendala

Tinene kuti muli ndi R30 000. Mphoto zonse zisapitirire R10 000. R12 000 ipite ku zipangizo kapena kusindikiza, R5 000 ku kukonza khoma, kupachika ndi chikwangwani cha dzina, ndipo R3 000 isungidwe yodzakonzera zowonongeka. Wopambana asagule penti ndi mphoto yake. Ngati mukufuna kuti anthu atatu kapena asanu omaliza akonze pulani yatsatanetsatane, aliyense alandireko kangachepe, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya sabata yonse.

Pitani ku ofesi ya zachuma musanalengeze, mukafunse mmene ndalama zimatulukira kupita kwa wophunzira. Nthawi zina zimalowa ku akaunti ya fizi n'kumezedwa ndi ngongole, mwini wake osaziona. Lembani m'malamulo ngati mphoto ndi ndalama za kubanki, vocha kapena zochotsera pa fizi, komanso tsiku lolipira. Kwa ophunzira akunja ngati anzathu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, fomu ilole nambala ya pasipoti. Fomu yofuna nambala ya chitupa cha South Africa ya manambala 13 yokha imawatsekera kunja popanda wina kulinga kutero. Viza ya maphunziro imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndiye ngati kupentako kuli ndi malipiro ake apadera, gawani maola motsatira zimenezo ndipo mufunse ku ofesi ya ophunzira akunja.

Chaka cha maphunziro chimayamba m'Febuluwale, anthu ali kalikiliki ndi kulembetsa ndi kusaka pogona. Lengezani m'Malichi, perekani masabata 6, tsekani kumapeto kwa Epulo, weruzani kumayambiriro kwa Meyi mayeso asanayandikire, ndipo ntchito ya pa khoma ichitike pa tchuthi cha pakati pa chaka, kumapeto kwa Juni ndi m'Julaye. Nthawi imeneyo kulibe mvula ndipo laibulale imakhala yopepuka. Kumazizira, komabe, ndipo penti wamadzi sagwira bwino pansi pa madigiri 10, choncho muziyamba cha m'ma 10 koloko.

Mutu wa mpikisano

Mukapereka mutu wotakata ngati "maphunziro ndi tsogolo", mudzalandira babu lowala, buku lamapiko, chipewa cha omaliza maphunziro ndi mutu wa munthu wooneka ngati mapu a Africa, chilichonse kambirimbiri. Mutu wabwino umakakamiza wojambula kukayang'ana chinthu chenicheni. Mukhoza kufunsa za ulendo wa m'mawa wochokera ku Park Station kapena ku renki ya matakisi ya Noord kufika pa desiki. Mukhoza kuwatumiza ku zosungidwa m'laibulale momwemo: ku Historical Papers, m'nyumba ya William Cullen, kuli makalata ndi zithunzi za mabungwe a ogwira ntchito, matchalitchi ndi andale, ndipo wophunzira amene wagwira pepala lenileni la kalelo amajambula mosiyana ndi amene wangofufuza pa intaneti.

Makoma a laibulale amalankhula, ndipo anthu amawayankha. Mu William Cullen momwemo muli zithunzi zikuluzikulu za m'ma 1930 za J.H. Amshewitz ndi Colin Gill zoonetsa Vasco da Gama ndi atsamunda, ndipo mu 1999 munaikidwa cha Cyril Coetzee choonetsa kufika kwa azungu monga momwe eni dziko akanakuonera. Ku University of Cape Town, chiboliboli cha Sarah Baartman, mayi wa mtundu wa Khoikhoi amene ankaonetsedwa ngati choonerera ku Ulaya, chopangidwa ndi Willie Bester chinali m'laibulale. Ophunzira ena anachiveka nsalu ponena kuti chikumuvulanso ulemu, ena anatsutsa kuphimbako, ndipo pomaliza chinachotsedwamo. Komiti yanu ilembe pasadakhale mmene idzamvere dandaulo: lipita kwa ndani, wojambula adzapatsidwa mpata woyankha liti, ndipo chigamulo n'cha ndani. Zimenezi zikalembedwa mkangano utabuka kale, palibe amazikhulupirira.

Inu olankhula Chichewa muli ndi nkhani zomwe makoma a kuno sanazione kwenikweni. Agogo athu anadzaza migodi ya mzinda uno kudzera ku Wenela ndi Theba, ena n'kukhala machona. Ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Clements Kadalie, wobadwira m'boma la Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Kwa ofuna mizere ndi maonekedwe osati nkhope, kuli zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Madontho ndi mizere yake yofiira ndi zinyama zake zoyera zimakhala bwino pa khoma la chipinda chachete. Za Gule Wamkulu samalani nazo. Zomwe zimaonekera pabwalo n'zina, za kudambwe n'zina, ndipo amene sanalowe afunse akuluakulu odziwa asanajambule. Zitenje za zipani zisiyeni kunyumba.

Mawu a Chichewa pa khoma awerengedwe ndi anthu awiri odziwa kalembedwe, ndipo tanthauzo lake liikidwe pa chikwangwani cha pambali. Ngati mwalemba ŵ monga mu "Malaŵi", sandutsani zilembozo zikhale mizere musanatumize fayilo, apo ayi makina a osindikiza akhoza kutulutsa kabokosi pamalo pake.

Chilengezo chikwane tsamba limodzi: chithunzi ndi miyeso ya khoma, mtundu wa ntchito, zipangizo zoletsedwa, oyenera kulowa, tsiku ndi ola lotsekera, mmene mudzagawire mamalikisi, mphoto, umwini, ndi zaka zomwe ntchitoyo idzakhale pa khoma. Nenaninso poyera ngati zithunzi zopangidwa ndi AI zikuloledwa kapena ayi.

Kuweruza

Oweruza akhale asanu: wa laibulale, mphunzitsi wa zojambula, mmisiri wa zokonza nyumba ndi ophunzira awiri. Aphunzitsi mukhoza kuwapeza ku Wits School of Arts kapena ku FADA, gawo lophunzitsa zojambula, pa kampasi ya UJ ya Bunting Road, ndipo akatswiri opachika zithunzi ali ku Wits Art Museum ku Braamfontein. Munthu mmodzi wosakhala woweruza achotse mayina n'kuika manambala. Mphunzitsi akazindikira dzanja la wophunzira wake anene, ndipo asapereke malikisi pa ntchito imeneyo.

Gawani 100 motere: 40 kugwirizana ndi malowo, 30 luso, 20 kutheka kwake ndi ndalama ndi nthawi zomwe zilipo, 10 kusavuta kusamala. Zisanu zapamwamba zionetsedwe ndi pulojekita pa khoma lenilenilo, oweruza atakhala pansi pa madesiki. Chithunzi chokoma pa foni chikhoza kukhala chosautsa chikakula mamita asanu. Maso aakulu oyang'ana wowerenga, mitundu yofiira ndi yachikasu yothwanima, ndi mizere yozunguza mutu zipite polowera ndi pa masitepe. M'chipinda chachete mukufunika ntchito yomwe munthu angadzutsire mutu, kupumitsa maso, n'kubwerera ku buku.

Mavoti a pa Instagram amaonetsa amene ali ndi anzake ambiri. Ngati mukufuna mawu a ophunzira, ikani mphoto yapadera yaing'ono, aliyense avote kamodzi ndi nambala yake ya sukulu. Musanalengeze wopambana, fufuzani chithunzicho ndi Google Lens kuti muone ngati sichinakoperedwe pa intaneti, ndipo mupemphe masikechi oyambirira kapena fayilo yoonetsa magawo ake onse. Wojambula weniweni amakhala nazo ndipo sakhumudwa kuzionetsa.

Chithunzicho n'cha ndani?

Malinga ndi Copyright Act ya 1978, kugula kapena kupachika chithunzi sikupereka ufulu wochisindikizanso. Ufuluwo umatsala ndi wojambula pokhapokha atausainira wina m'kalata. Pali pamodzi pofunika kusamala: munthu akalamula ndi kulipira kuti ajambulidwe chithunzi cha kamera kapena cha nkhope ya munthu, lamulo limapereka umwini kwa wolipirayo ngati simunagwirizane zina. Choncho zilembeni. Mgwirizano wachilungamo umati yunivesite itenga chinthucho ndi chilolezo chochionetsa zaka zisanu ndi kuchijambula pofalitsa nkhani za laibulale, dzina la mwini likutchulidwa. Ikafuna kuchiika pa malaya, makapu kapena makalendala ogulitsa, mukambiranenso za malipiro.

Inu opikisana, werengani chiganizo chilichonse chonena kuti ntchito zonse zotumizidwa zidzakhala za okonza mpikisano. Chimatanthauza kuti ngakhale mutaluza, ntchito yanu yapita ulele. Lemberani komiti kuti ichisinthe, ndipo komiti yabwino siikana. Ngati mwajambula nkhope ya munthu wamoyo wodziwika bwino pa chithunzipo, pezani chilolezo chake cholembedwa. Komiti nayo isunge mafomu a opikisana motsatira POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu: itenge zofunika zokha, ndipo isagawe manambala a foni pa gulu la WhatsApp.

Zotumiza zanu zikhale zotani

Jambulani pulani pa sikelo ya 1:10, kutanthauza kuti khoma la mamita 6 m'litali ndi 2.5 m'mwamba likhala masentimita 60 ndi 25 papepala, soketi ndi swichi zili m'malo mwake. Mbali yofunika ya chithunzi ikhale pamwamba pa mita 1.2, poti m'munsimo mumabisika ndi madesiki ndi mitu ya anthu. Onjezani chithunzi choonetsa ntchito yanu itakhala pa khomalo, mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake yeniyeni ya kusitolo, masiku omwe mudzafune, ndi mawu ofotokoza osapitirira 150. Ntchito ya pamanja muijambulire panja pamthunzi, foni italunjika pakati, opanda fulashi.

Za kusindikiza, chithunzi choonera pafupi chimafuna 300 dpi (madontho pa inchi imodzi) pa kukula kwake kwenikweni: A1, yomwe ndi mamilimita 594 ndi 841, imafuna mapikiselo pafupifupi 7 000 ndi 9 900. Cha khoma lonse, choonera patali mamita awiri kapena atatu, 100 mpaka 150 dpi ikwanira. Fayilo yodutsa pa WhatsApp imafinyidwa, ndiye musaitumize motero. Mitundu ya pa sikirini ndi RGB, pomwe makina ambiri amasindikiza mu CMYK, ndipo buluu wowala ndi wobiriwira wothwanima amatuluka ozimirira. Pemphani osindikiza akutulutsireni kachidutswa ka mita imodzi pa kukula kwenikweni, mukakaone pansi pa magetsi a laibulaleyo musanavomere zonse.

Pa khoma

Thabwa la Supawood (bolodi la ufa wa matabwa wopanikiza) la mamilimita 12, lodulidwa mamita 2.44 ndi 1.22, limalemera pafupifupi makilogalamu 27, ndiye ndi la anthu awiri. Lipakeni primer kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete monse. Mukapaka kumaso kokha limapindika, ndipo m'mphepete mosapaka mumamwa madzi a okolopa n'kufufuma. Lisagunde pansi, siyani masentimita osachepera 15. Popachika, tengani thabwa lalitali mulicheke pakati motsata utali wake, sowo itapendekeka madigiri 45. Theka limodzi likhomedwe ku khoma, linalo kuseri kwa chithunzi, ndipo ziwirizo zimakolana chithunzi chikatsitsidwa. Pa njerwa ikani mapulagi a mamilimita 8 pa masentimita 40 alionse. Musanaboole, yendetsani kachipangizo kofufuza mawaya, ndipo musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi. M'munsi mangani ndi sikuluwu ziwiri zosamasuka ndi sikuludiraiva wamba kuti wina asangochinyamula. Za m'mafelemu zikhale ndi Perspex (pulasitiki woonekera) wa mamilimita 3 m'malo mwa galasi, ndipo pakati pa chithunzicho pakhale masentimita 150 kuchokera pansi.

Kuwerengera penti n'kosavuta. Khoma la mamita 6 ndi 2.5 ndi masikweya mita 15. Lita imodzi imakuta pafupifupi masikweya mita 8 ulendo umodzi, ndiye primer afuna malita awiri, penti wa pansi wopaka kawiri malita anayi, mitundu ikuluikulu lita imodzi uliwonse, ndi vanishi malita atatu kapena anayi. Pulasitala watsopano ayambe wauma masiku 28 ndipo apakidwe primer wa pulasitala, apo ayi laimu wa m'simenti amadya utoto. Gulani penti wamadzi wosanunkha kwambiri. Wamafuta, thina ndi penti wopopera asalowe m'laibulale: fungo limayenda ndi mpweya wa m'nyumba monse, ndipo nkhungu ya wopopera imaliza alamu ya utsi n'kutera pa mabuku.

Phimbani mashelufu onse a m'mamita awiri ndi pulasitiki, pansi muyale nsalu yokhuthala. Kukulitsa pulani kumachitika ndi pulojekita usiku, kapena ndi mabokosi a choko: sentimita 5 papepala ndi masentimita 50 pa khoma. Yambani kumwamba, mitundu ya kumbuyo poyamba, mizere yakuda pomaliza. Mpweya wa Joni m'nyengo yozizira ndi wouma zedi moti acrylic amauma pa burashi m'mphindi zochepa. Khalani ndi kabotolo kowazira madzi, ndipo mtundu uliwonse wosakaniza muusakanize wokwanira kamodzi m'chitini chotseka, chifukwa simudzaupezanso ndendende. Kumbukirani kuti acrylic akauma amaderapo pang'ono. Pa makwerero pakhale wina wogwirira nthawi zonse.

Vanishi adikire masiku osachepera atatu, sabata ndiye bwino koposa. Sankhani wamadzi wosawala, mupake kawiri mopyapyala. Wokhuthala kapena wopakidwa kukuzizira amauma ndi chifunga choyera pamwamba pa mitundu yakuda, ndipo wowala amabweza magetsi m'maso mwa owerenga.

Vinyl asamatidwe pa penti watsopano asanathe masabata awiri kapena atatu. Mpweya wotuluka m'pentimo umatukumula matuza. Mitundu ina ya penti wochapika imakana guluu, ndiye matani kachidutswa masiku awiri muone ngati makona akudzuka. Vinyl amabwera m'mizere ya pafupifupi mita 1.3 m'lifupi, choncho funsani polumikizira padzagwera pati, pasadutse pa nkhope kapena pa mawu, ndipo muonjezere masentimita asanu mbali zonse odzadula pa khoma.

Ntchito ikatha, ikani chikwangwani cha dzina la wojambula, mutu, chaka ndi zipangizo. Mu fayilo ya laibulale musungidwe mgwirizano, zithunzi za tsiku lomaliza, mayina ndi manambala a penti, ndi malangizo kwa oyeretsa: kansalu kouma kapena konyowa pang'ono, popanda mankhwala ochapira. Penti wotsala atsanuliridwe m'timabotolo todzaza ndi tolembedwa. Munthu mmodzi wotchulidwa dzina aziyendera ntchitoyo kumayambiriro kwa semesita iliyonse.

Zaka zisanu zikakwana, wojambula apatsidwe masiku 60 oti anene ngati akufuna kutenga matabwa ake, kapena kudzajambula khomalo ndi kamera lisanafufutidwe. Pofika nthawiyo adzakhala atamaliza maphunziro, mwina atabwerera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, ndipo imelo ya yunivesite idzakhala itatsekedwa. Choncho pa tsiku losainirana lembani imelo yake yakeyake ndi nambala ina ya munthu amene iye wasankha kuti mudzamupezerepo.